Munthu Amene Ankafuna Kuphulitsa Nyumba za Opera

Mu 1967, Pierre Boulez anauza magazini ya ku Germany yotchedwa Der Spiegel kuti njira yabwino yothetsera mavuto a opera ndi kuphulitsa nyumba zochitiramo masewero oimbidwawa. Koma pomwe amayankhula izi n'kuti chaka chapitacho atatsogolera kale Parsifal ya Richard Wagner ku Bayreuth, malo amene okonda opera amawalemekeza ngati kachisi. Nditamufotokozera mnzanga wa m'kalasi nkhaniyi, anaseka n'kunena kuti mkuluyu anali wachiphamaso basi, wotukwana mbale imene akudyeramo. Takhala tikutsutsana sabata yonse, ndipo ine sindikuvomerezabe.

Boulez anabadwira ku Montbrison, ku France, mu 1925 ndipo anaphunzira kupeka nyimbo kwa Olivier Messiaen ku Paris. Anali mnyamata wa pakamwa polasa. Arnold Schoenberg, yemwe anatsegula njira imene Boulez ankayendamo, atangomwalira mu 1951, iye analemba nkhani yomudzudzula kuti anaima pakati pa ulendo. Maliro asanaiwalike n'komwe! Ulemu unali wochepa, sindikana.

Koma onani zimene anachita ndi ukaliwo. Ataona kuti nyimbo zatsopano zikuimbidwa mwachisawawa, anthu n'kumazida chifukwa cha kulephera kwa oimba, anayambitsa makonsati akeake a Domaine musical mu 1954. Utsogoleri wa oimba anauphunzirira pantchito pomwepo. Sankagwira kandodo kamene anzake amagwedeza. Ankangogwiritsa ntchito manja, opanda kudumphadumpha kapena kukwinya nkhope. Ndinamuonera pa YouTube ndipo poyamba ndinkaganiza kuti alibe chidwi. Kenako ndinazindikira kuti chida chilichonse chikumveka pachokha, ngati madzi amene matope ake akhazikika pansi.

Mu 1976, pokumbukira zaka 100 za Bayreuth, iye ndi mkonzi wachinyamata wa zisudzo, Patrice Chéreau, anakonza Der Ring des Nibelungen mwa njira imene inakwiyitsa anthu. Milungu ya Wagner inavekedwa zovala za eni mafakitale, ndipo mtsinje wa Rhine unasanduka damu lamagetsi. Oonerera anakuwa, ena mwa oimba ananyinyirika chifukwa Boulez ankawauza kuti achepetse phokoso. Pofika 1980, chaka chomaliza cha seweroli, anthu anaomba m'manja kwa nthawi yaitali osafuna kutuluka. Mu 1979 anatsogoleranso ku Paris Lulu ya Alban Berg, kwa nthawi yoyamba ili ndi zigawo zake zonse zitatu. Ku New York Philharmonic, kumene anakhala mtsogoleri kuyambira 1971 mpaka 1977, anachotsa mipando m'holo pa makonsati ena kuti achinyamata akhale pa makapeti pafupi ndi oimba. Wachiphamaso amafika pamalo n'kuyamba kutsata mwambo wa eni mudzi. Uyu anafika n'kuwasinthira eni mudziwo makutu.

Pamene mnzanga uja ali ndi mfundo ndi pa nkhani ya mphamvu. Boulez anakangana ndi nduna ya zachikhalidwe, André Malraux, mu 1966 n'kulengeza kuti wasiya kugwira ntchito ndi boma la kwawo. Pulezidenti Georges Pompidou anamunyengerera kuti abwerere, ndipo mu 1977 anatsegula IRCAM, malo ofufuzira za nyimbo ndi makompyuta pafupi ndi Centre Pompidou. Chaka chapitacho anali atakhazikitsa Ensemble intercontemporain. Zonsezi zinkayendera ndalama za boma. Opeka nyimbo ambiri a ku France amene sankatsata njira yake anadandaula kuti khomo linatsekeka. Mnyamata amene ankagenda alonda anadzakhala mlonda, ndipo makiyi sankawabwereketsa wamba.

Ichi chimandivuta, chifukwa ife amene timakuwa kwambiri m'makalasi lero tidzapatsidwa maofesi mawa. Komabe ndikasankha pakati pa wotsutsa amene amakhala panja manja ali oyera, ndi uyu amene analowa n'kugwira ntchito mpaka anamwalira mu 2016 ku Baden-Baden, ndikutenga Boulez. Nyimbo yake ya Le Marteau sans maître ndaimvetsera katatu ndipo sindinaikondebe. Lulu yokha ndaibwereza usiku wathawu mpaka bandulo inatha.