MAKATANI ATSIKE, MUNTHU ASAKWERE

Abale ndi alongo a pa Silverest, ambiri a ife timalawira mbandakuca kukakwera basi pa mseu wa Great East, ena kunka ku zipatala za mu Lusaka, ena ku Chongwe. Si tonse madotolo ai. Ambiri ndife osesa, ocapa ndi onyamula odwala. Lero tifuna kunena za nchito imene anthu aiyesa yaing'ono: kumasula ndi kupacika makatani ocinga bedi la wodwala.

Makatani amenewa ngofunika, pakuti mai sangavule pamaso pa wodi yonse. Ayeneranso kucapidwa kawirikawiri, cifukwa aliyense awagwira: namwino, dotolo, wodwala ndi wodzazonda yemwe. M'caka ca 2012 madotolo a ku University of Iowa, ku America, analengeza kuti mwa makatani 13 atsopano amene anapacika, 12 anali atagwidwa kale ndi tizirombo ta nthenda pomatha sabata imodzi. Ife amene tinaona Covid mu 2020, ndi kolera wa mu Januwale 2024 pamene odwala anagonekedwa pa Heroes Stadium, sititsutsa zocapa.

Koma kodi wocotsa makataniwo acita bwanji? Citsulo cake ciri pafupi ndi denga. Munthu akwera makwerero, manja onse awiri m'mwamba, namasula timbedza kamodzikamodzi, nsalu yolemera iri paphewa. Odziwa za makwerero aphunzitsa kuti pogwira nchito mapazi awiri akhale popondapo ndipo dzanja limodzi ligwire. Nanga iyeyu dzanja lacitatu alitenga kuti? Pansi pangokolopedwa kumene, pakuterera. Bedi, citsulo ca dripu ndi botolo la mpweya zatseka malo, motero makwerero aima patali, iye nkumapendekeka kuti afikire kambedza kotsiriza. Mwina makwerero palibe nkomwe, akwera mpando. Ndipo si bedi limodzi ai, ndi wodi yathunthu.

Akagwa nathyoka mkono kapena msana, mau a kapitao tiwadziwa kale: akuti sanasamale. Ife tikana mau amenewa. Munthu amene mumkweza makumi angapo pa tsiku, manja ali otanganidwa, tsiku lina adzagwa ndithu, ngakhale akhale wosamala cotani. Colakwa ciri pa kapacikidwe.

Mwana aliyense wa ku Chongwe adziwa kuti mango a kunsonga athyola ndi ngowe. M'zipatala zina za kunja anazindikira comweci. Kwina amagawa katani pawiri: ukonde wa pamwamba ukhala pomwepo, ndipo nsalu ya pansi, imene manja agwira, ilumikizidwa ndi mabatani pamene munthu afikira ali ciriri. Kwina ali ndi ndodo yaitali yokowera nsalu. Za mabatanizo telala wa pa msika angasoke, sizilira sitima ya pamadzi. Pamene kukwera sikungalephereke, tifuna makwerero a nsanja yotakata ndi cogwirira, anthu akhale awiri, pansi pouma, ndipo bedi lisunthidwe poyamba. Wamkulu wa cipatala amene ati ndalama palibe awerengere mtengo wa pulasitala, X-ray ndi miyezi imene wanchito adzagona kunyumba.

Sitipempha cifundo. Mu 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Occupational Health and Safety Act, imene inaika pa wolemba nchito udindo wa kuteteza anchito ake, nilamula kuti pamalo pa anchito khumi kapena kuposa pakhale komiti ya citetezo. Ku Ndola kuli Workers' Compensation Fund Control Board, yoona za cipukuta misozi ca ovulala. Koma ngozi yosalembedwa palibe aidziwa. Anzathu olembedwa ndi makampani osesa ndiwo amabisa kwambiri, poopa kucotsedwa, nangodzola mafuta pa bondo. Lekani zimenezo! Mukagwa, nenani tsiku lomwelo, zilembedwe m'buku, ndipo mnzanu amene anaona akhale mboni.

Pano pa Silverest pali sukulu ya udotolo ya University of Lusaka. Anyamata ndi atsikana amene tikwera nao basi ndiwo adzayang'anira mawodi mawa. Tiwapempha kuti akalowa m'wodi ayang'anenso kudenga. Ndipo inu a m'makomiti, pa msonkhano ukudzawu funsani mafunso awiri: makwerero alipo angati, ndipo makatani a mabatani adzayesedwa m'wodi iti poyamba?