Kugonetsa agogo ndi mapiritsi si kuwachiza

M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja kuno ku Salima, kuyambira ku Chipoka, Senga Bay mpaka ku Lifuwu, nkhalamba ikayamba kuiwalaiwala imakumana ndi zinthu ziwiri, zonse zowawa. Akaipeza m'bandakucha itaima pakhomo la eni, isakudziwa komwe yachokera, amati yagwa potamba. Abale akakhala achifundo n'kuitengera kuchipatala, si zachilendo kuti ibwereko ndi timapiritsi ta odwala misala. Za ufitizo tafuula mokwanira, makamaka chichitikireni zoopsa za ku Neno mu Januwale 2016, pomwe agogo anayi anaphedwa powanamizira kuti atumiza mphenzi. Langa lero lili pa mapiritsiwa, chifukwa amaoneka ngati thandizo, ndiye palibe amawafunsa.

Nthenda yoiwalayi madokotala amaitcha dementia. Ubongo umafota pang'onopang'ono, mwina ndi nthenda ya Alzheimer, mwina ndi timasitiroko ting'onoting'ono tobwera ndi BP yosasamalidwa. Bungwe la WHO limati padziko lonse odwala aposa 55 miliyoni, ndipo oposa 60 pa 100 alionse ali m'mayiko osauka ndi opeza pang'ono. Komatu chimene chimatopetsa banja si kuiwalako ayi. Ndi zimene zimatsagana nako: nkhawa, kulira kopanda chifukwa chooneka, kusowa tulo, kuona anthu amene kulibe, kuloza mdzukulu chala kuti waba ndalama zomwe agogowo abisa okha kudenga. Dzuwa likamapendeka ndiye zimanyanya.

Taganizirani bambo amene moyo wawo wonse anali msodzi. Pakati pa usiku akudzuka, akufunafuna nkhafi, akuti anyamata akuwadikira kudooko, pomwe bwato linagulitsidwa kalekale. Chitseko akuguguda, ndipo nyanja ili pafupi. Amene akuwagwira mkono ndi mpongozi wawo, yemwe kukacha ayenera kukapikula usipa n'kukayanika pathandala kuti ana adye. Mayi ameneyu akafika kuchipatala n'kunena kuti, "Adokotala, chonde apatseni oti azigona," ine sindingamuweruze. Watopa, ndipo palibe anamuuzapo kuti apongozi ake akudwala chiyani.

Mlandu wanga uli pa zimene zimalembedwa m'kabuku ka kuchipatala pambuyo pa pempholo. Mankhwala opezeka msanga m'zipatala zathu ndi akale aja: chlorpromazine, amene ambiri amangoti CPZ, haloperidol ndi diazepam. Palibe ndi amodzi omwe amene amachiza dementia kapena kuichedwetsa. Chimene amachita n'kumukhazika munthu chete. Pakapita masabata angapo agogo aja sagugudanso chitseko, zoona. Ali pamphasa kukhonde, khosi lauma, manja akunjenjemera, dovu likutsika pachibwano, mbamu ya nsima yakhala m'dzanja osafika kukamwa. Abale amati apeza bwino. Koma chimenechi ndi chingwe chomangira mbuzi pachikhomo, kungoti sichioneka ndi maso.

Kuopsa kwake n'kodziwika kale. Mu 2005 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linachenjeza kuti okalamba odwala dementia akamamwa mankhwala amakono a misala amafa mochuluka kuposa anzawo osamwa, ndipo mu 2008 chenjezolo linakhudzanso akale ngati haloperidol ndi chlorpromazine. Mu 2009 Pulofesa Sube Banerjee anauza boma la Britain kuti mwa odwala pafupifupi 180,000 amene ankapatsidwa mankhwalawa, osaposa 36,000 ndiwo ankapindula, ndipo pafupifupi 1,800 ankafa chaka chilichonse chifukwa cha iwo. Kumeneko n'komwe wodwala amayezedwa mtima ndi magazi pafupipafupi. Nanga kuno, mu Okutobala, mchenga ukuotcha mapazi? CPZ imatsitsa BP munthu akamaimirira, ndipo imasokoneza mmene thupi limadziziziritsira. Nkhalamba yomwe yaiwala ngakhale kupempha madzi ikadzuka kupita kuchimbudzi, chizungulire n'kuigwetsa, fupa la m'chiuno n'kuthyoka, ambiri sadzukanso. Pamaliro timangoti ndi ukalamba.

Sindikunena kuti mankhwalawa atayidwe m'nyanja. Pali usiku wina umene wodwala watenga chikwanje, ndipo palibe njira ina. Malangizo a WHO otchedwa mhGAP, omwe ena mwa azaumoyo athu anaphunzitsidwa, amalola haloperidol pa nthawi ngati imeneyo, koma kuyambira pa mlingo wochepetsetsa, kwa kanthawi, n'kumaunikanso kuti asiyidwe. Diazepam amati apewedwe. Ndipo asanalembe chilichonse, wachipatala ayambe wafufuza chimene chasokoneza agogowo. Munthu amene wasintha mwadzidzidzi, dzana ali bwino lero akubwebweta, mwina ali ndi malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kudzimbidwa kapena dzino lobooka lomwe sangathe kulitchula. Kuyeza malungo ndi mphindi zochepa chabe. Winanso vuto lake ndi kukhumudwa kwakukulu, komwe kwa okalamba kumafanana kwambiri ndi dementia koma kumachizika.

Ndikudziwa mmene mzere umatalikira Lolemba m'mawa, wachipatala ali yekha, ndipo akatswiri a matenda a maganizo ali kutali, ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Koma kuchepa kwa antchito sikungakhale chifukwa choti kabuku kazingodindidwa mwezi ndi mwezi, mdzukulu n'kumakatenga mapiritsi mwini wake osaonedwa.

Aphungu athu anavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024. Chitetezo chimenecho chifike ndi pawindo lolandirira mankhwala. Unduna wa Zaumoyo ulamule kuti wokalamba aliyense woiwala akalemberedwa CPZ kapena haloperidol, m'kabuku mulembedwe chifukwa chake ndi tsiku lodzamuonanso iye mwini. Alangizi a zaumoyo, amene amayenda kale khomo ndi khomo pa za katemera, aphunzitse mabanja zinthu zosalira ndalama: kusatsutsana ndi wodwala, kumuyendetsa masana kuti usiku agone, kumusiyira nyale, kumumwetsa madzi, kumupatsa ukonde wakale azisoka. Ndipo mafumu a kwa Maganga, kwa Ndindi ndi kwa Kuluunda, mipingo ndi mizikiti, akonze zoti anthu azisinthana kugonera wodwala wotere monga tichitira pa matenda ena onse, kuti mpongozi uja apezeko usiku umodzi wogona tulo.