Za Moyo Wathu: Uzimba wa M'thupi

Sabata ino ndifuna tikambe za nkhondo imene thupi la munthu lichita ndi chotupa cha khansa. Zoputa khansa nzambiri, monga fodya ndi tizirombo tina, koma chotupacho ndi maselo athu omwe, tinthu tating'ono tomanga thupi, amene asokonezeka nayamba kuswana osaleka. Popeza mdaniyo ndi wa m'nyumba, kumzindikira nkovuta, ndipo palibe msilikali wa m'thupi angamgonjetse yekha.

Ine ndifanizira ntchitoyi ndi uzimba wa kumudzi. Woyamba ndi wolondola mapazi, selo lotchedwa dendritic, limene Ralph Steinman analitulukira ku New York m'chaka cha 1973. Likapeza chotupa litola kachidutswa kake nilipita nako kumwanabele, monga wa m'khwapa kapena wa m'khosi, pakuti kumeneko ndiko kuli bwalo la asilikali.

Pabwalopo pali mwini uzimba, selo la CD4. Ntchito yake yaikulu si kulasa, iai, koma kuitana ndi kulimbikitsa anzake. Akaona chizindikirocho atulutsa timankhwala todzutsa amikondo, ndiwo maselo a CD8. Awa achuluka, natsata magazi kufikira pachotupa, naboola selo lililonse lokhala ndi chizindikiro chija.

Koma nyamayi njochenjera. Maselo ena a khansa abisa chizindikiro chao kuti amikondo awapitirire. Pamenepo pafika agalu a uzimba, maselo a NK, amene amaluma selo lopanda chizindikiro. Kuchenjera kwina nkwakuti chotupa chikhudza msilikali pamalo potchedwa PD-1, iye nafooka ngati wogwidwa tulo. Malo amenewa anawapeza ndi Tasuku Honjo wa ku Japan mu 1992, ndipo mu 2018 iye ndi James Allison wa ku America analandira mphotho ya Nobel chifukwa cha nzeru yodzutsa asilikali ogonawo. Mankhwala ake alipo lero, koma mtengo wake ngwaukulu ndithu, ndiponso sathandiza odwala onse.

Tsono mverani chimene chitikhudza ife kuno kwathu. Kachirombo ka HIV kamapha CD4, mwini uzimba uja. Iye akagwa, wolondola mapazi afika pabwalo napeza palibe woitana, amikondo nangokhala manja lende. Nchifukwa chake khansa ya Kaposi, ya mawanga akuda pamiyendo kapena m'kamwa, imapezeka kwambiri mwa anthu amene asilikali ao atsika. Nawonso amayi okhala ndi HIV amadwala khansa ya khomo la chiberekero pafupifupi kasanu ndi kamodzi kuposa anzao. Ma ARV akamwedwa tsiku ndi tsiku CD4 achulukanso, ndipo kwa ambiri mawanga a Kaposi amazilala kapena saoneka nkomwe.

Choncho ndikupemphani, inu bambo muli kutali kuntchito ndi inu mayi mwatsala pamudzi, kayezetseni magazi. Ngati muli pamankhwala, musadumphitse chifukwa cha ulendo kapena manyazi a kwa anzanu ogona nao chipinda chimodzi. Amayi apite kukapimidwa khomo la chiberekero angakhale sakumva kuwawa. Mukaona chotupa chokula kapena chilonda chosapola, musati thupi lidzatha lokha, pakuti pena nyama imaposa alenje. Fulumirani kwa dotolo chikali chaching'ono.