Mlendo wa Maola Atatu pa Mangochi

Anzathu amene anapitako ku Ulaya amatisimbira kuti m'mizinda yakale monga Edinburgh alendo amathamanga ngati akuthaŵa mvula. Munthu ali ndi tsiku limodzi lokha, koma afuna kuona linga la pathanthwe, tchalitchi cha St Giles chimene John Knox ankalalikiramo, nyumba yachifumu ya Holyrood ndi zina zambiri, dzuŵa lisanaloŵe. Amabwerako ndi zithunzi zochuluka, koma mukamfunsa mbiri yake angoti kukamwa yasa. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Nafenso kuno kwa Mponda timaona alendo otere. Popita kunyanja amaima pa Boma la Mangochi maola aŵiri kapena atatu, nafunsa kuti, "Kodi pano pali chiyani choona?" Ambiri a ife timayankha kuti palibe, chonsecho tauni yathu ndi imodzi mwa matauni akale m'dziko muno. Tsono ife tikuti: nthaŵi ikachepa, sankhani malo atatu okha, yendani pansi, ndipo paliponse muime mpaka mutamvetsa.

Yambani pa mlatho wa Bakili Muluzi, muyang'ane mtsinje wa Shire. Chakumtunda, tsidya la kumadzulo, n'kumene kunali mudzi waukulu wa Mfumu Mponda, kumene David Livingstone anafika mu 1866. M'masiku amenewo magulu a akapolo ankaoloka m'dera lomweli popita kugombe la nyanja yamchere. Mu 1875 sitima ya Ilala inadutsa pano ndi Dr Robert Laws ndi anzake, amene anakakhazikitsa mishoni yoyamba ya Livingstonia ku Cape Maclear. Mu 1891 Angerezi anamanga linga la Fort Johnston tsidya la kum'maŵa, ndipo pambuyo pake Boma linasamukira pamene lili lero.

Mukatsika pamlathopo mudzapeza nsanja ya wotchi imene inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pafupi pake pali mfuti yaikulu yochokera m'sitima yankhondo ya Guendolen, imene mu August 1914 inaombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann kumpoto kwa nyanja yathu, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Palinso chikumbutso cha sitima ya Vipya imene inamira mu 1946, ndipo anthu 145 anatha psiti. Pamenepo musafulumire. Vulani chipeŵa, muŵerenge mawu olembedwawo mofatsa, pakuti ambiri mwa omirawo anali anthu wamba onga inu ndi ife.

Nthaŵi yotsala muipereke ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Lake Malawi Museum, imene kale inali kalabu ya Azungu. M'menemo muli mbiri ya sitima za panyanja ndi ya anthu a m'mbali mwake. Koma za Cape Maclear ndi manda a amishoni oyamba aja, musaziumirize tsiku lomwelo. Umenewo ndi ulendo wofuna tsiku lakelake.

Chotidetsa nkhaŵa n'chakuti ana athu amapyola pansanja ija m'maŵa ndi madzulo osadziŵa chimene inaimikidwira. Amaloŵeza pamtima maina a mizinda ya ku Ulaya kuti akhoze mayeso, koma za pakhomo pao sangathe kumuuza mlendo. Akuluakulu odziŵa mbiriyi akutha mmodzimmodzi, ndipo tikazengereza idzapita nawo kumanda.

Choncho makolo, Loŵeruka lina tengani ana anu muyende nawo malo atatuŵa, muziŵafunsa mafunso ndi kuŵalola kufunsa. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Akadzaima pano ndi maola ake atatuwo, apeze mwana wa kwa Mponda wodziŵa kumlondolera.