Za Amai a ku Mexico ndi Nthenda ya Cisoni

Mwezi uno tilankhule za amai a ku Mexico. Kumeneko kuli mwambo wakale, dzina lace cuarentena. Mkazi akabala mwana akhala m'cikuta masiku 40 osagwira nchito yolemetsa. Amace, apongozi ndi abale amphikira msuzi wa nkhuku ndi phala la cimanga lija amati atole, nammanga mimba ndi nsaru.

Koma mwambowo ulikufooka. Amuna ambiri anapita ku United States kukafuna nchito, ndipo mabanja ena anasamukira ku mizinda yaikuru monga Monterrey, kutali ndi makolo. Lamulo la dzikolo lipatsa mkazi wolembedwa nchito milungu 12 yopuma, koma lamulo la caka ca 2012 linapatsa mwamuna masiku 5 okha. Motero mkazi atsala yekha ndi khanda lolira usiku wonse.

Amai ambiri amalira masiku oyamba, ndipo zimatha isanapite milungu 2. Koma cisonico cikapitirira, mkazi nasowa tulo, nakana cakudya, nadziyesa mai wacabe, imeneyo ndiyo nthenda, si ulesi ai. Bungwe la World Health Organization liti m'maiko ongotukuka kumene, pafupi mai mmodzi mwa 5 amadwala maganizo atabala.

Cobisa nthendayi ndico ciphunzitso ca pamudzi cakuti mkazi wabwino apirire osadandaula, monga Maria Woyera. Wophunzira wina, Evelyn Stevens, analemba za ciphunzitsoco mu 1973, nacicha marianismo. Cinzace ndico machismo, cimene cimauza mwamuna kuti kucapa matewera si kwace. Tsono wodwalayo amamwetulira pamaso pa alendo, nalira kuseri.

Ife tikuti uku nkumlakwira Maria. Iye atamva kuti Elizabeti ali ndi pakati, sanamtumizire mau akuti apirire, koma ananyamuka nakakhala naye monga miyezi 3. Wofuna kutsanza Maria asenze mtolo wa mai mnzace.

Nthendayi imacizika ndi uphungu, kapena ndi mankhwala. Madokotala ali ndi mafunso 10 olembedwa ku Edinburgh mu 1987, ndipo nawo amaizindikira msanga. Koma mkazi sangafike kwa dokotala ngati a m'nyumba mwace samfunsa kuti mtima uli bwanji. Woyamba kufunsa, ndi woyamba kudzukira khanda usiku, akhale mwamuna wace.