Sikirini ikada, musathamangire kufomata

Semesita yatha ndinagula monita yakale kwa mnzanga amene ankamaliza maphunziro. Polemba mapepala aataliatali zimathandiza kukhala ndi buku mbali ina, zolemba zako mbali ina. Patapita masabata angapo ndinazolowera monita yaikuluyo, moti ndinauza Windows kuti izionetsa zinthu pa iyo yokha.

Usiku wina, kutatsala masiku awiri kuti ndipereke pepala la mbiri yakale, magetsi anazima. Ndinayatsa laputopu kuti ndipitirize ndi batire. Chizindikiro cha kampani chinaoneka, kenako mdima bii. Fani ikulira, kagetsi ka pambali kakuyaka, koma pa sikirini popanda kanthu. Mnzanga wa m'chipinda anangoti, "Amwene, yapita imeneyo. Mawa mukaifomatitse." Masamba khumi ndi awiri anali m'menemo, ndipo ndinalibe kope kwina kulikonse.

Amene anandipulumutsa ndi mnyamata wa chipinda choyandikana, amene amaphunzira zaulimi. Anayang'ana patebulo n'kufunsa, "Chingwe ichi chikupita kuti?" Anachizula, sikirini ya laputopu n'kuwala.

Zomwe zinachitika n'zosavuta. Monita iliyonse ili ndi kachipangizo kamene kamauza kompyuta dzina lake ndi kukula kwa chithunzi chimene imatha kuonetsa. Pa chingwe cha HDMI, kachipangizoka kamatha kulandira mphamvu kuchokera ku kompyuta yeniyeniyo. Choncho ngakhale monita inalibe magetsi, laputopu inkaiona ngati ilipo, ndipo inkatumiza chithunzi chonse kumeneko monga ndinailamulira.

Chimene chinandichititsa manyazi ndi chakuti sindinafunse funso ngakhale limodzi. Ndinangovomereza kuti yafa. Ife ophunzira za mbiri, zilankhulo ndi filosofi tili ndi mawu amene timabisalamo: "Ine zamakompyuta sindizidziwa." Timawanena monyadira. Koma m'kalasi amatiphunzitsa tsiku ndi tsiku kuti usanagamule, yamba waona umboni, ndipo ufunse kuti chasintha n'chiyani. Maganizo angawa ndi akuti luso lomweli ndi lokwanira kuthana ndi sikirini zakuda zambiri, ndipo kukana kuligwiritsa ntchito ndi ulesi umene umatidyera ndalama ndi ntchito zathu.

Umboni woyamba ndi woti kompyuta ili moyo kapena ayi. Dinani Caps Lock. Ngati kagetsi kake kakuyaka ndi kuzima, kompyuta ikukumvani, vuto lili pa njira ya chithunzi. Ngati chizindikiro cha kampani chinaoneka mdima usanabwere, ndiye kuti sikiriniyo ikugwira ntchito, ndipo chithunzi chasochera pamene Windows imayamba.

Kenako chotsani zonse, mutsale ndi sikirini imodzi. Zulani monita yachiwiri, pulojekita kapena TV, muyatsenso. Chithunzi chikabwera, bwezerani zinthuzo chimodzichimodzi. Mukasintha chingwe, monita ndi doko lolowetsera nthawi imodzi, ngakhale zitheke simudziwa chimene chinali cholakwa, ndipo mawa mudzayambiranso pomwepo. Onaninso ngati monita ikuyembekezera pa khomo loyenera. Monita imene yaikidwa pa VGA singaonetse zochokera pa HDMI ngati siisinthira yokha.

Pali mabatani atatu amene wophunzira aliyense ayenera kuloweza. Windows ndi P amatsegula posankha kumene chithunzi chipite: pa kompyuta pokha, chofanana pa zonse, chotambasula pa zonse, kapena pa sikirini yachiwiri yokha. Ngakhale mu mdima mungathe kudina Windows ndi P, kudinanso P, kenako Enter, n'kubwereza mpaka chithunzi chibwere. Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi amadzutsanso pulogalamu yoyendetsa zithunzi, ndipo kompyuta imalira kamodzi. Windows, Shift ndi muvi wa kumanzere kapena kumanja amakoka pulogalamu imene yatsegukira pa sikirini yomwe simukuiona. Dziwaninso kuti kuyambira pa Windows 8, kudina Shut down nthawi zambiri sikuzimitsa kompyuta kotheratu, chifukwa imasunga zina kuti idzayake msanga. Restart ndiye amayamba zonse mwatsopano.

Pa makompyuta a patebulo pali msampha wina. Ngati muli khadi lapadera la zithunzi, kumbuyo kumakhala madoko m'malo awiri: ena pamwamba pafupi ndi a USB, ena m'munsi pa khadilo. Kawirikawiri apamwambawo amasiya kugwira ntchito khadi likaikidwa. Munthu akasuntha kompyuta n'kulowetsa chingwe pamwamba, amaganiza kuti yapsa. Komanso, Windows isanayambe, uthenga wa BIOS nthawi zambiri umaoneka pa sikirini imodzi yokha. Kompyuta ikhoza kukhala itaima, ikudikira kuti mudine batani, uthengawo uli pa monita imene mwaizimitsa.

Wina anena kuti okonza makompyuta alipo pa chifukwa, ndipo munthu wosadziwa akhoza kuononga zambiri. Ndikuvomera. Ngati muunika sikirini ya laputopu ndi tochi ya foni n'kuona chithunzi chozimiririka, kuwala kwa m'kati mwake kwafa, ndipo imeneyo ndi ntchito ya wokonza. Ngati kompyuta ikungolira kangapo poyaka osaonetsa chilichonse pa sikirini iliyonse, pitani nayo. Koma pa zonse ndatchula pamwambapa palibe chofuna kumasula zitsulo, ndipo palibe chimene chimafufuta fayilo. Choopsa chenicheni ndi kufika kwa wokonza ndi mawu awiri okha akuti "sikuyaka, bwana". Wokonza wotanganidwa amasankha njira yachidule, ndipo njira yachidule nthawi zambiri ndi kufomata. Mukafika mukunena kuti chizindikiro chikuoneka, Caps Lock ikuyankha, monita yachiwiri mwaizula koma sizinasinthe, mwamufupikitsira ntchito ndipo mwateteza mafayilo anu.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Usiku uja ndinali wokonzeka kulipira ndalama ya chakudya cha sabata yonse kuti munthu afufute pepala langa, pamene vuto linali chingwe chimodzi. Masiku ano monita ija ndinaiika pa kutambasula, kuti sikirini ya laputopu izikhala yoyaka nthawi zonse, ndipo zolemba zanga ndimazitumiza ku imelo yanga ndisanagone.