Kanema Wobisa Maina a Akufa

Anzanga ena anandiumiriza kuti ndikaone kanema wochedwa The Sacrament, amene Ti West anaturutsa m'caka ca 2013, namati ngwoopsa koposa. Ndinamuona, ndipo mantha ndinacita, sindikana ai. Koma cimene cinanditsalira mumtima ndico mkwiyo.

Kanemayu ali wa mtundu uja wonamizira kuti zithunzi zace anazijambula ndi anthu a m'nkhani momwemo, kamera ili kugwedezeka m'manja mwao. Atolankhani awiri a VICE aperekeza mnzao Patrick kukaona mlongo wace Caroline ku Eden Parish, mudzi wa kuthengo wa mpingo wina, kumene onse amvera nkhalamba imodzi imene aicha Atate. Gene Jones, amene asewera Atateyo, ndiye yekha ndimtama. Pamene afunsidwa mafunso usiku pamaso pa khamu, ayankha mofatsa ndi moseka, kufikira wofunsayo asanduka wopalamula. Kutaca, anthu amwetsedwa mankhwala akupha.

Inu amene mwatsiriza sukulu posacedwa, dziwani kuti nkhani iyi si yopeka. Pa 18 November 1978, ku Jonestown m'dziko la Guyana, anthu 909 a mpingo wa Peoples Temple anafa polamulidwa ndi Jim Jones. Pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali mwana. Tsiku lomwelo Leo Ryan, wa Nyumba ya Malamulo ya America, anaomberedwa pa bwalo la ndege la Port Kaituma. Ti West anatenga zonsezi, mtsogoleri wa magalasi, kakalata kopempha thandizo kopatsidwa kwa mlendo mobisa, ndi cakumwa ca imfaco, koma dzina la Jonestown analifafaniza, nalembapo lace. Ameneyo wabwereka maliro a eni kuti atiopseze nao.

Ndipo m'maliromo atiimika kuti? Kumbuyo kwa alendo ofika dzulo. Mtima wathu ugunda kaamba ka anyamata awiri a ku New York, ngati adzafika ku ndege yao. Amai ndi ana akugwa pansi angokhala zinthu zoti kamera ilambalale pothawa. Jones sanakope anthu usiku umodzi. Anayamba ku Indianapolis m'zaka za m'ma 1950, nadyetsa osauka, nakhazika akuda ndi oyera pa benci limodzi masiku amene mipingo yambiri inakana kutero. Ambiri a iwo amene anamtsata kufikira ku Guyana anali akuda. Zaka zoposa makumi awiri za cikhulupiriro cotere kanemayu azipinda m'tsiku limodzi ndi usiku wace, kotero woonera aturuka ali kuti, “Opusa aja.” Sanali opusa. Pa tepi imene inajambulidwadi tsiku lija mumveka mai wina wacikulire ali kutsutsana ndi Jones pamaso pa onse, kuwapemphera moyo makanda, kufikira khamu limzazira.

Ine ndine kalaliki; nchito yanga ndiyo kulemba maina m'mabuku a Boma, ndipo mwina ndico cifukwa cace cinthu ici cindiwawa. Mitembo yoposa 400 imene inasowa oitenga inaikidwa m'manda amodzi ku Oakland, California, ndipo miyala yolembedwa maina a akufa onse inakhazikidwa pamenepo m'caka ca 2011, patapita zaka zoposa makumi atatu. Zaka ziwiri zokha pambuyo pace, Ti West anawapatsa maina ena.